Supuni ya a Nangondo

Sendererani kuno, utsiwo ukupita uko. Iyi si nthano, choncho pasapezeke woyankha kuti tili tonse. Inu amayi a chitenje chobiriwira, mwandifunsa chifukwa chimene ndakukalipirani masana aja, mutapatsa amuna anu supuni kuti azigogoda pabedi akafuna kanthu, inu n'kubwera kuno kudzaphika. Ndakuchititsani manyazi pamaso pa wodi yonse, ndikudziwa, pakamwa pangapa si pabwino. Koma imvani kaye, mundiweruze pambuyo.

Nzeru ya supuniyo ndinali nayo inenso, ndipo ndinkanyada nayo. Ndisanabwere kuno ndinagwira ntchito pa chipatala china cha mishoni kumadzulo kwa Kasungu. Ndinkayendera m'midzi odwala amene madokotala anawauza kuti mankhwala ochiritsa palibe. Anthu ankanditcha nesi wa akufa, ena akamva njinga yanga yamoto ankalowetsa ana m'nyumba. Sindinkadandaula. Munthu amene sachira amamvabe ululu, amamvabe ludzu, amafunabe kusambitsidwa ndi kuitanidwa dzina lake. M'chikwama ndinkanyamula mofini wamadzi woletsa ululu, magolovesi, ndi mapiritsi opera n'kuwaza pachilonda kuti fungo lichepe. Wodwala akafika posowa mawu, ndinkamusiyira kapu yachitsulo ndi supuni yomanga ulusi wofiira pachigwiriro, kuti azigogoda akafuna madzi kapena kutembenuzidwa.

Mudzi uliwonse unali ndi tsiku lake. Kwa Chimbaka, kutsidya kwa mtsinje, linali Lachinayi.

Kumeneko kunali mayi wina, Esinta Nangondo, wa zaka ngati makumi asanu, wodwala khansa ya chiberekero. Ana ake awiri anamwalira ali aang'ono, mwamuna anapita ku Zambia osabwerako, ndipo nyumba yake inagwa ndi mvula yoyamba. Anali mayi wolongolola, wosabisa mawu, mwina n'chifukwa chake tinkagwirizana. Anasamukira kwa mlongo wake wamng'ono, Binwelo, amene iye mwini anamulera pamsana amayi awo atamwalira. Kwathu kuno mukudziwa, mwamuna ndiye mwini mbumba, alongo ake akavutika ndiye pothawira.

Binwelo chaka chimenecho fodya anamuyendera, ndipo anali atangomaliza nyumba ya njerwa zootcha, malata onyezimira, simenti yofiira pansi. Munthu ukafika ankakuyendetsa chipinda ndi chipinda ngati wabwera kudzagula. Masabata awiri oyamba ndinawapeza a Nangondo m'chipinda chakumbuyo, pamphasa yoyera. Ndinaphunzitsa mkazi wa Binwelo, Nankhoma, kuwatembenuza, kuwasambitsa ndi kuika makala pansi pa bedi kuti azimwa fungo. Nankhoma anali wamanja abwino koma wamantha, mwamuna wake akatsokomola iye ankaimirira.

Lachinayi lachitatu chipinda chija ndinachipeza chokolopa, mopanda munthu. Wodwala wanga anali kuseri, m'chigafa, shedi yoyanikamo fodya ija, m'mbali atatchinga ndi mapesi, kachitseko kansungwi. Mutu unanditentha.

"Bambo Binwelo, alongo anu asanduka fodya?"

"Anesi, musandimve molakwa," anatero uku akuyang'ana nsapato zake. "Kunoko kukupita kamphepo. Komanso mukudziwa za makolo, nyumba ikaferamo munthu imagwetsedwa. Ine ndagonamo miyezi iwiri yokha."

"Mwambo umenewo ndani akuutsata masiku ano? Si inu mumanyamula mbale ya chopereka Lamulungu?"

"Zopemphera n'zopemphera, anesi. Koma m'nyumba mwangamu simufera munthu."

Ndinamulalatira mpaka nkhuku zinathawa pabwalo, koma munthu wa nyumba yatsopano samva. Amene anandiletsa ndi a Nangondo eni ake, ndi kamawu kotsalira kukhosi. "Musiyeni, anesi. Mwana ameneyu ndinkamutafunira chinangwa ndi mano angawa. Adzakumbuka yekha."

Chigafacho chinali patali ndi khitchini, mawu awo sakanafika. Ndinatulutsa kapu ndi supuni ya ulusi wofiira, ndinathira madzi, n'kuwagwiritsa m'dzanja. Anayesa: ngo, ngo, ngo. Nankhoma anabwera akuthamanga, tonse tinaseka. Pamenepo ndi pamene ndinalankhula mawu amene ndimalapa mpaka lero. Ndinati, "Mwaonatu, mayi. Mukagogoda, munthu abwera. Ndikukulonjezani ine."

Lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane. Ine ndinalonjeza ndi miyendo ya eni ake.

Lachinayi lotsatira mvula inagwa usiku wonse, mtsinje unadzaza. Ndinaima pa dooko, ndinayang'ana madzi, ndinabwerera. Panali njira ina yozungulira kumlatho, ya maola awiri m'matope, ndipo ndinkaidziwa bwino. Ndinati mankhwala ali nawo okwanira, ndipita mawa. Mawalo linali tsiku la mudzi wina. Pamene ndinafika kwa Chimbaka patapita sabata, ndinapeza anthu atameta kale.

Mayi wina amene anasambitsa nawo mtembo anandikokera kuseri kwa nkhokwe. "Anesi, ine ndasambitsa maliro ambiri, koma sindinaonepo lilime louma chonchija. Pakamwa panakana kutsekeka. Tinamanga ndi nsalu kawiri, kawiri konse nsalu inamasuka." Ndinapita m'chigafa muja. Kapu inalipo, youma, yodzaza fumbi la fodya. Supuni panalibe. Ndinafunsa Nankhoma, iye anangoyang'ana kumene kunali mwamuna wake n'kunena kuti mwina ana anatola. Ndinanyamula chikwama changa ndi mtima wowawa, ndipo kunena zoona ndinamufunira Binwelo zoipa njira yonse.

Miyezi inapita, mvula inatha, kunabwera dzuwa la Okutobala lija lopsereza ndi mapazi omwe. Kwa Chimbaka ndinkapitabe Lachinayi chifukwa cha odwala ena, ndipo timankhani tinayamba kundipeza tokha. Akuti kwa Binwelo kukusowa masupuni. Nankhoma anagula sikisi pamsika, pofika Loweruka anatsala awiri, Lolemba panalibe ndi imodzi yomwe. Anamenya ana, ana analumbira. Anabwereka kwa oyandikana nawo, nazonso zinapita, mpaka anthu anayamba kumukaniza. Mipeni inalipo, zikho zinalipo, mithiko inalipo. Zinkasowa ndi supuni basi.

Kenaka denga. Dzuwa likafika pamutu, anthu atakhala pamthunzi, padenga la nyumba ija pankamveka ngo, ngo, ngo. Kukhala chete pang'ono, kenaka katatu kena. Binwelo ankati malata atsopano amalira ndi dzuwa, ndipo n'zoona amalira. Koma malata salira katatu katatu ngati munthu wodikira yankho. Galu wawo anasamuka yekha kukakhala kwa eni ake ena. Amayi opita kumjigo anasiya kudutsa pabwalopo, ankazungulira kumunda.

Mwezi womwewo Binwelo anayamba kutsamwa. Poyamba nyama, kenaka mbatata, kenaka ndi phala lomwe. Anapita kwa asing'anga awiri, anapita kuchipatala chachikulu, ndipo anabwerako ndi kalata yolembera ine. Khansa ya kummero, yofika kale patali. Matendawa ndawaona mwa anthu ambiri abwino amene sanalakwire munthu, choncho musachoke pano n'kumanena kuti aliyense wodwala khansa walangidwa, ndingakukalipireninso. Ine ndikunena za Binwelo yekha. Nditawerenga dzina lake pakalatapo, ndikuvomera, mtima wanga unati choipa chitsata mwini. Koma yunifolomu iyi sisankha. Ndinatenga mofini n'kuliza njinga.

Mtsinje uja nthawi imeneyo unali mchenga wokhawokha, ndinkatsika n'kukankha njinga. Tsiku limenelo pakati pa mchengapo panakhala mayi, masana dzuwa lili ng'ang'ang'a, atafunda chitenje kumutu mpaka kumaso. Analibe mtolo, analibe ndowa. Ndinapereka moni. Nditamupitirira ndinamva kumbuyo kamawu kokhala ngati kakuchokera m'botolo.

"Lero ndi Lachinayi, anesi?"

"Eya, mayi, Lachinayi."

"Mwabwera lero."

Sindinacheuke. Njinga ndinakaikwera patali ndithu.

Binwelo ndinamupeza m'chipinda chake chachikulu, pabedi la matiresi, atatha ngati chitsononkho cha chimanga. Milomo inali itang'ambika. Atandiona analira, misozi osatuluka. Ndinakoka madzi m'sirinji, ndinamudonthezera pakona ya mlomo monga timachitira. Madzi anabwerera onse, kutsikira m'khosi mpaka papilo. Ndinayesa mofini, chimodzimodzi. Ndinamukhazika tsonga, ndinamugoneka chammbali, ndinayesa zonse zimene ndinaphunzira. Ngakhale dontho. Tili pomwepo, pamwamba pa mitu yathu penipeni, ngo, ngo, ngo.

Nankhoma anagwetsa beseni n'kukhala pansi pasimenti yofiira ija. "Anesi, ine sindingathenso. Alamu anga aja ankagogoda. Tsiku limene simunabwere lija anagogoda kuyambira m'mawa, ine ndinali kudimba. Kunabwera alendo a kumpingo kudzaona nyumba, ndiye abambowa anati phokosolo likuwachititsa manyazi. Anakawalanda supuni n'kuiponya padenga. Kachitseko anamanga ndi waya, anati ndisapiteko mpaka fungo lithe pabwalo, alendo ena akubwera Lamulungu. Masiku anayi, anesi. Ndinkamva akukanda mapesi. Ine ndinaopa banja."

Ndinayang'ana Binwelo. Anatseka maso. Pakanakhala kuti ndine munthu wamba ndikanatuluka n'kumusiya ndi denga lakelo. Koma amene ankamuimba mlandu m'chipindamo anali ndani? Mayi amene anaopa banja, ndi nesi amene anaopa matope.

"Tengani nsungwi yaitali," ndinatero.

Nankhoma anakwera pampando panja n'kuyamba kukokola padenga. Supuni ija inagwa pansi n'kulira. Miyezi isanu ndi itatu padzuwa ndi pamvula, koma inalibe dzimbiri, ulusi uli psuu ngati ndamanga dzulo. Nditaitola inali yonyowa.

Ndinatunga madzi ndi supuniyo n'kumupatsa. Anabwerera. Pamenepo Binwelo anandigwira dzanja, nanong'ona, "Kuchigafa."

"Mukuti bwanji, bambo?"

"Ndinyamuleni. Akufuna kuchigafa."

Tinamunyamula pamphasa ine ndi Nankhoma, sanali wolemera. Tinamugoneka pamalo pomwe paja. Kapu ija inali ikadali pakona, ndinaitsuka n'kuthiramo madzi. Supuni yoyamba inatsika. Ndinaona kholingo likuyenda ndi maso angawa. Yachiwiri inatsika, mofini anatsika, ndipo patapita kanthawi nkhope yake inamasuka. Mwina kunyamula kuja kunasuntha chotupa, madokotala angatero. Ine ndinangoti zikomo, osadziwa kuti ndikuthokoza yani.

Binwelo anayang'ana kumapesi n'kunena, "Alongo anga, ndakumbuka. Pepani." Tinadikira. Kunja kunali zii, denga silinalire. Ine wopusa ndinaganiza kuti mlandu watha.

Pochoka ndinachita zimene manja anga anazolowera. Mawu ake anali atatha, choncho ndinamugwiritsa supuni ija, kapu pambali. Koma ulendo uno ndinamuuza Nankhoma kuti asapite kudimba, asapite kumjigo, akhale pakhomo pa chigafa. Analumbira, ndipo ndikukhulupirira mpaka lero kuti anasunga.

Linali Lolemba, tsiku lachinayi chichokereni kumeneko, ndili kuchipatala ndikutsuka mabotolo masana. Ndinamva ngo, ngo, ngo. Ndinafunsa mnzanga amene tinali naye ngati wamva, anati wamva chiyani. Kunabweranso, osati katatu tsopano, koma kosalekeza, mofulumira, ngati munthu amene nyumba ikumupsera. Kunkamveka pafupi, ngati m'chikwama changa. Ndinasiya mabotolo m'madzi momwemo n'kuthamangira njinga.

Pamchenga paja mayi uja anali pomwepo, ulendo uno ataimirira pakati pa njira. Chitenje chomwe chija. Mapazi sindinawayang'ane, ndipo musandifunse.

"Lero si Lachinayi, anesi."

Mkwiyo unandithandiza, umandithandiza nthawi zambiri. Ndinati, "A Nangondo, ine ndinakulakwirani. Ndinakulonjezani, ndinabwerera pamadzi pomwe pano. Ngati muli ndi mlandu ndi ine, ndili pano. Koma uyo akugogodayo ndi wodwala wanga, monga munalili inu. Ndipatseni njira."

Sanasunthe. Kugogoda kuja kunkamvekabe m'makutu mwanga, koma kukuchepa mphamvu, kukutalikirana. Ndinayesa kukankha njinga, matayala anali ngati abzalidwa mumchenga. Ndinaisiya n'kuyesa kuyenda wapansi, ndipo sindikudziwa kuti ndinayenda bwanji, chifukwa mtsinje wa mayadi makumi awiri sunkatha. Kenaka kugogoda kunasiya.

"Pitani tsopano," kanatero kamawu kaja. "Mukamutseke pakamwa. Inu mumatha."

Nditafika ndinapeza Nankhoma atakhala pakhomo penipeni pa chigafa, msana atatsamira kachitseko, akusenda mtedza m'lichero. Anadabwa kundiona. "Anesi, lero? Agona bwinobwino, chigonereni nditawamwetsa m'mawa. Sanagogode n'kamodzi komwe."

Ndinamukankha n'kulowa. Kapu inali itagubuduzika, madzi atamwedwa ndi dothi. M'mbali mwa kapuyo munali mutaphwanyika, utoto woyera utasendeka n'kumwazika pamphasa ngati mankhusu. Supuni inali m'dzanja la Binwelo, itapindika. Munthu amene sankatha kudzutsa mutu anamenya chitsulo mpaka kuchipinda, mkazi wake ali mayadi awiri, ana akusewera pabwalo, ndipo panalibe anamva. Thupi linali likadali lofunda. Pakamwa panali yasa.

Nankhoma atawona kapuyo sanalire msanga. Anangoti, "Ndinali pano. Anesi, ndinali pompano," kubwereza kambirimbiri, mtedza uli mbwee pansi. Ndinamugwira mpaka anayamba kulira, chifukwa wotsala nayenso ndi wodwala wathu. Kenaka ndinasambitsa nkhope ya Binwelo, ndinanyowetsa milomo yake ngakhale kunali kochedwa, ndipo ndinamutseka pakamwa. Panatsekeka kamodzi kokha, mosavuta. Sindinamukonde munthu ameneyu, koma imfa imeneyo sindingaifunire ngakhale galu.

Supuni tinaika m'bokosi mwake. Masupuni ena aja sanapezeke. Nankhoma atasudzulidwa anabwerera kwawo ndi ana, ndipo ndinkamuyendera kufikira pamene ndinasamuka. Ine chiyambire tsiku limenelo sindinapatsenso wodwala chogogodera, ndipo mtsinje ukadzaza ndinkazungulira kumlatho, kaya matope afike m'chiuno.

Nyumba ija sinaferemo munthu, monga mwini wake ankafunira. Koma sinagonemonso munthu. Abale anayesa kuikamo mphunzitsi, anatha sabata imodzi. Pamapeto pake anazula malata onse n'kukafolera kwina, panatsala zipupa zokha, ndipo m'chipinda chachikulu chija munamera msatsi. Anthu a kwa Chimbaka ankati tsopano tipuma, zinali za malata ndi dzuwa. Ndinadutsako chaka chatha pa Lachinayi, masana, popita kumaliro a mnzanga. Denga kulibe. Ndinaima pamsewu n'kuzimitsa njinga, ndipo ndinamva ndi makutu angawa. Koma tsopano amagogoda ndi awiri, wina katatu katatu modekha, wina mofulumira osalekeza.

Nkhani yanga yathera pamenepa, phulani mapoto anuwo asanapserere. Inu amayi a chitenje chobiriwira, supuni yanu nayi, mukadyere phala. Ndiwozi ndikuonerani ine. Pitani mukakhale pafupi ndi amuna anu, muziwayang'ana milomo, musadikire kuti aitane.